Ndinapita ku Limbe Kukafuna Bambo a Elube

Moni amayi anzanga okhulupirira, inu a kuno kwa Mwambo ndi inu a kutsidya ku Chisi, m'dzina la Ambuye wathu. Ine ndine Agnesi, make Elube, wa mudzi wa kufupi ndi doko la Kachulu. Ambiri mumandidziwa kuti ndine uja wokhala kumbuyo pa mapemphero, wosakweza mawu. Amayi abusa anandipempha kuti ndiimirire ndinene zimene Mulungu anandichitira, koma ine ndikaima pamaso pa anthu mawu amathawa. Ndiye anati ndilembe, wina adzawerenge. Sukulu ndinangopitako zaka zochepa, choncho pamene pakhota mundikhululukire. Nkhani yanga ndi ya matenda a mwana wanga, amene anatsala pang'ono kundifera kumsana bambo ake atasowa m'tauni.

Amuna anga ndi Alomwe, makolo awo anachokera kutsidya kwa Apwitikizi. Anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu, ndipo sindinganame, anali munthu wogwira ntchito. Ankatchera miono m'bango, ankalima munda wa amayi ndi dimba lathu la mpunga. Koma bwato lawo linang'ambika pansi, ndipo nthawi yomweyo anyamata amene anapita ku Limbe anayamba kubwera kudzacheza atavala nsapato, wina atakwera njinga yakeyake. Ndinkaona mmene amuna anga ankaziyang'anira nsapato zija. Usiwa wawo unayamba kuwachititsa manyazi.

Mpunga ukuyamba kucha, padoko panafika kapitawo wofuna anthu okagwira ntchito kufakitale ya fodya. Nthawi imeneyo Elube anali wakhanda, asanatengedwe. Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana akabadwa amakhala wozizira, ndipo bambo ndi mayi sayandikana kufikira tsiku limene akuluakulu anena kuti amutengere kumphasa. Tsikulo lisanafike, munthu wotentha, amene akuyenda ndi mwamuna kapena mkazi, samugwira mwanayo. Ndipo bambo akakalakwa kunja, mwana amadwala tsempho.

Amayi anandituma kuti ndikawauze amuna anga adikire mwezi uoneke, mwambo uchitike, kenako apite. Iwo anali akumanga bulangete lawo ndi luzi.

"Make Elube, kawauzeni amayi kuti ntchito ya Azungu sidikira mwezi," anatero. "Fodya akatha ndibwera, zonse tidzalongosola. Ine si mwana, ndikudziwa kudzisunga."

Anakwera lole ya kapitawo pamodzi ndi amuna ena a m'midzi yathu, ine ndili chiimire ndi mwana kumsana.

Poyamba mauthenga ankabwera. Wogula nsomba wina anandibweretsera nsalu ndi sopo, nati amuna anu ali bwino. Kenako kunangoti zii. Nyengo ya fodya inatha, ena anabwerako, iwo ayi. Ndikafunsa obwerawo ankati tinasiyana pachipata, sitikudziwa kumene analowera. Atsibweni anga anayamba kunena poyera kuti mkamwini uja wasanduka mtchona.

Ntchito yonse inagwera ine ndi amayi, amene msana unali utayamba kale kuwavuta. Ndinagalauza munda ndekha, ndinawokera mpunga ndekha, madzi m'mawondo, mwana kumsana, misundu ikundiluma. Mudzi wathu unatsala wa akazi, ana ndi nkhalamba. Chinthu chimene chinkandiwawa ndi ichi: tinkakhala m'mbali mwa nyanja, fungo la matemba likutipeza m'nyumba, koma ndiwo zathu zinali masamba okhaokha. Nsomba zonse zinkalowa m'madengu a ogula, ulendo wa ku Zomba ndi ku Limbe. Nyumba yopanda mwamuna wopita kunyanja inkangoona madengu akudutsa. Amuna ankapita kutauni, nsomba nazo zinkapita kutauni komweko.

Mvula ili mkati, nkhokwe itapepuka, mawere anga anayamba kuuma. Elube ankayamwa n'kulavula bere, n'kulira. Ndinkamupatsa phala lamadzi la ufa woyera. Anali atayamba kukwawa, koma anasiya. Ankangokhala pamene ndamuika, osaseka, osafuna kusewera ndi munthu. Tsitsi lake linafiira n'kuyamba kuthothoka. Kenako mapazi anatupa, masaya nawo anatupa, ndipo khungu la m'ntchafu linayamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha.

Amayi akuluakulu a pamudzi anabwera kudzamuona. Mmodzi anadina phazi lake ndi chala, ndipo dzenje la chalacho linatsala pomwepo. Anayang'anizana.

"Apa palibe chofunsa," anatero. "Bambo wa mwanayu wamutsempha. Akazi a ku Limbe saona nkhope, amaona thumba."

Anandifunsanso ine ngati ndinalakwa. Ndinalira, ndinati ayi, ndipo anandikhulupirira chifukwa ankaona mmene ndinkakhalira. Anati mankhwala alipo, koma sagwira ntchito pokhapokha mwini kulakwa abwere, aulule, ndi kumumwetsa mwanayo ndi dzanja lake. Tsono tinayamba kudikira. Atsibweni anatuma uthenga kudzera kwa ogula nsomba, yankho silinabwere. Tsiku lililonse lole ikalira kudoko ndinkathamangira kumsewu. Tsiku lililonse Elube ankalemera ndi madzi ndi kupepuka mphamvu.

Ndinkapemphera, koma ndikuuzeni zoona, pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, abwezeni bambo a mwanayu. Sindinkadziwa kuti pali chinanso chimene ndingapemphe.

Tsiku lina m'mawa ndinamuitana Elube ndipo sanatembenuze n'komwe maso. Ndinapita kwa atsibweni, ndinagwada, ndinati ndikupita ku Limbe. Ine amene ndinali ndisanafikepo ngakhale pa Zomba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, poti anali asanandimvepo ndikunena chinthu ndi mtima wotero. Anakalankhula ndi mwini lole ina ya matemba, ndipo ndinakwera pamwamba pa madengu. Amayi anandigwira dzanja lole isananyamuke.

"Mwanayu ndi wozizira," anatero. "Kutauni aliyense ndi wotentha. Asamukhudze munthu, wamva? Ngakhale wina akuchitire chifundo chotani."

Msewu unali matope okhaokha, tinatitimira kangapo, ndipo tinagona panjira. Tinafika ku Limbe dzuwa litakwera. Amayi anzanga, sindinaonepo malo otero. Utsi, phokoso la sitima, nyumba zosanjikizana, masitolo a Amwenye ondondozana, anthu oyenda mofulumira osapatsana moni. Ndinkati ndikapereka moni munthu ankandiyang'ana ngati ndikufuna kumupempha. Ndinkayenda chokhotakhota kuti wina asagunde mwana wanga ndi phewa.

Mwini lole anandilozera fakitale ya fodya. Inali nyumba yaitali yamalata, yozingidwa ndi waya, ndipo fungo lake linkakanda kukhosi. Pachipata panakhala mlonda ndi anzake awiri, akusewera bawo. Ndinagwada chapatali monga timachitira kwathu.

"Mukufuna chiyani, mayi?" anafunsa mlondayo.

"Ndikufuna bambo a Elube."

"Bambo a ndani?"

"A Elube. A ku Kachulu."

Onse anaseka. Mmodzi anati, "Ine ndine bambo a Joni, uyu ndi bambo a Mariya. Sankhani amene wakukomerani."

"Kuno sitilemba ana, mayi," anatero mlonda uja. "Nenani dzina lake la mwamunayo."

Inu mukudziwa kuti mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Chikwatiwire ndinali ndisanalitulutse pakamwa panga, ngakhale ndili ndekha. Ndinayang'ana pansi, amuna aja akudikira ndi kuseka. Ndinamva mpweya wa Elube pakhosi panga, wochepa ngati wa mwanapiye. Ndinatseka maso n'kulitchula.

"Aroni."

Mlonda anakankha njere zake pabawo. "A Aroni analipo ambiri kuno. Fodya anatha kalekale, aganyu onse anawachotsa mvula isanagwe. Mwina ali ku Ndirande, mwina anakwera sitima ya ku Halale. Bwererani kumudzi, mayi, mwanayo akafere kwawo."

Sananene mwankhanza. Ananena ngati munthu amene wanena mawu omwewo kwa akazi ambiri.

Ndinayenda osadziwa kumene ndikupita. Mvula inayamba, ndinabisala pakhonde la sitolo, wantchito wa pamenepo anandithamangitsa. Ndinakakhala pansi pa mtengo kufupi ndi msika, ndinamasula mwana n'kumuika pamiyendo. Sankaliranso. Maso anali otseka ndi kutupa. Pamenepo mtima wanga unafika pamapeto. Bambo ake sindiwapeza, mankhwala sangagwire popanda iwo, ndipo kumudzi sindikafika naye wamoyo. Ndinaganiza za manda a kutauni, kuti mwana wanga adzagona pakati pa anthu osamudziwa. Pemphero langa lija linandithera. Ndinangoti, Ambuye, ine nzeru zandithera, chitani Inu chimene mukudziwa.

Pafupi ndi mtengowo panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa ndi thobwa. Anali wamkulu kwa ine, wonenepa, atavala diresi lofika m'mawondo ndi nsapato, milomo atapaka zofiira. Amuna odutsa ankamuponyera mawu oti ine sindingalembe, iye n'kumabweza oposa pamenepo, onse n'kumaseka. Anali ndendende mkazi amene amayi akumudzi amanena akamati akazi a ku Limbe. Dzina lake ndinalidziwa pambuyo pake, a Felesiya. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anasiya dengu lake n'kubwera.

"Iwe mwanawe, mwana ameneyu ali ndi moyo?"

Ndinagwedeza mutu kuti inde.

"Tabwera naye ndimuone." Anatambasula manja.

Ndinamufungatira Elube n'kutembenukira kumbali. "Pepani, amayi. Sanatengedwe."

Anaima manja ali chitambasulire. Ndinkayesa akwiya, koma anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Ndiye ukuti ndine wotentha, eti? Usachite manyazi, nena. Ndine wotenthadi, sindikana, Limbe yense akudziwa." Anakhala pansi m'matope momwemo, diresi lake labwinolo. "Tsitsi lofiira, mapazi otupa. Akuuza kuti ndi tsempho, ndiye wabwera kudzasaka bambo ake."

"Mwadziwa bwanji?"

"Wanga anali wamwamuna. Kwathu ku Chiradzulu. Tinadikira bambo ake achoke ku Halale adzamumwetse mankhwala, mpaka anandifera kumsana ndikuchokera kumadzi. Bambo akewo mpaka lero sanabwere. Nditafika kuno ndinaona ana otupa chomwechi akulowa m'chipatala n'kutuluka akuyenda. Palibe anandiuza ine. Iwe ndikukuuza."

Ndinati miyendo yanga yatha, sindinadye chichokere kumudzi, ndipo chipatala sindikuchidziwa.

"N'chifukwa chake ndikuti undipatse ndibereke ine. Iwe ukagwa naye panjira."

Amayi anzanga, pa moyo wanga wonse sindinavutikepo mumtima ngati nthawi imeneyo. Mawu a amayi anga anali m'makutu. Zonse zimene ndinaphunzitsidwa kuyambira kuchinamwali zinkati ukamupereka wamupha ndi manja ako. Ndipo sindikuti ndinasiya kuzikhulupirira pamenepo, ayi. Koma ndinali nditangomaliza kunena kuti Ambuye chitani Inu, ndipo amene anabwera anali mayi ameneyu, panalibenso wina. Ndinamunyamula Elube n'kumuika m'manja mwawo. Ndinatseka maso kudikira kuti ndimve kuti wasiya kupuma.

A Felesiya anamuponya kumsana, anamanga nsalu, n'kuitana mnzawo wogulitsa nthochi. "Achemwali, mundionere dengulo. Mukadya zitumbuwa zanga ndidziwa, ndikuona pamimba." Anandipatsa chikho cha thobwa kuti ndimwe choimirira, kenako tinanyamuka, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikuyang'ana kaphazi kotupa kakulendewera m'chiuno mwawo.

Kuchipatala kunali mzere wautali, ndipo ine ndekha ndikanakhala kumapeto mpaka kutseka. Iwo anapita kutsogolo akulankhula mokweza mpaka namwino anatuluka kudzaona chimene chikuchitika. Atangomuona mwanayo anatilowetsa. Dokotala anafunsa zimene mwana amadya, ndipo nditanena anapukusa mutu. Namwino anandimasulira kuti matendawa ndi a njala ya m'thupi, kuti phala loyera limadzaza mimba koma silimanga mwana. Anati ndachedwa kwambiri ndipo salonjeza kanthu.

Anayamba kumupatsa mkaka pang'onopang'ono ndi kasupuni, usana ndi usiku. Masiku oyamba ankalavula. M'chipinda chimenecho munali ana ena otupa ngati iye, ambiri amayi awo ochokera kumidzi ngati ine, ndipo ena anatuluka atakulungidwa. Ndinkagona pansi pa bedi lake. Kenako kutupa kunayamba kuphwa, ndipo ndinaopa koposa, chifukwa madzi atachoka panatsala mafupa okhaokha. Namwino anati usalire, mmenemo ndi mmene amachirira.

A Felesiya ankabwera akaweruka kumsika. Ankandibweretsera chakudya, ndiponso matemba osinja ndi nsinjiro zoti ndizithira m'phala la mwana monga ananenera anamwino. Ankanditcha wakumudzi. "Wakumudzi, wadya? Taona mmene waumira, ngati chiphesi." Tsiku lina ndinawauza kuti ndilibe chowabwezera. Anati, "Ndakupempha kanthu? Khala chete udye."

M'mawa wina ndikumupatsa phala, Elube anagwira supuni ndi dzanja lake n'kuikokera kukamwa. Nditachedwa kutunga lina analira, kulira kwenikweni kwaukali kumene ndinali ndisanakumve nthawi yaitali. Madzulo ake a Felesiya anamuwombera m'manja n'kumutcha dzina loseketsa, ndipo mwana wanga anamwetulira. Ndinatuluka panja, ndinagwada kuseri kwa chipinda pafupi ndi pochapira, n'kulira mpaka wantchito wina anandifunsa ngati mwana wamwalira. Ndinati ayi, waseka.

Nthawi yonseyi bambo ake anali asanapezeke. Ndikufuna mawu amenewa muwamve bwino.

Amene anawapeza ndi a Felesiya omwewo. Anati munthu wa ku Chilwa sumusaka pachipata cha fakitale, umamusaka pamene pakugulitsidwa matemba, chifukwa angasauke chotani sapirira osalawa nsomba ya kwawo. Anafunsa ogulitsa nsomba m'misika mpaka wina anati alipo Mlomwe wa ku Kachulu amene akuumba njerwa ku Ndirande. Anabwera nawo Lamulungu masana.

Ndinatsala pang'ono kusawazindikira. Anali ataonda, akutsokomola, kabudula wong'ambika, mapazi ong'aluka ndi dothi la njerwa. Nsapato analibe. Anaima pakhomo la chipinda osalowa, akuyang'ana mwana wawo.

"Kumudzi akuti ndine ndamutsempha?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akutero."

Ine ndinadikira, iwo sanawonjezere, ndipo sindinafunse. Mpaka lero sindidziwa. Anandiuza kuti atachotsedwa ntchito analibe choti abwere nacho, ndipo anachita manyazi kutsika padoko chimanjamanja anzawo atabwera ndi katundu. Anati nyumba zikumangidwa zambiri m'tauni, njerwa zikufunika, zinthu zisintha. Ndinawapempha kuti tibwerere limodzi, ndinati munda ulipo, nyanja ilipo, palibe adzakusekeni.

"Make Elube, inu simudziwa," anatero. "Uvuni ukapsa ndibwera."

Ndinabwerera ndekha ndi mwana, pa lole yopita kukatenga nsomba. A Felesiya anandiperekeza pokwerera, anamutsina Elube patsaya, nati, "Ukadzakula usadzabwere kuno, wamva?" Sindinawaonenso.

Sindingakunamizeni kuti zonse zinakoma. Amuna anga anabwera kamodzi chilimwe, mwambo wotengera mwana kumphasa unachitika, anakhala pang'ono n'kubwerera. Pano ali komweko, uthenga umabwera mwa apo ndi apo. Munda ndikulimabe ndekha, ndipo atsibweni ayamba kunena zothetsa ukwati. Pali masiku amene ndimadzuka mtima uli wolemera ngati mwala. Tsopano ndimapita kudoko kukathandiza kuyanika nsomba, kuti andipatseko kambale ka matemba a mwana, ngakhale kuima pakati pa anthu ambiri kumandivutabe.

Pamudzi amati Elube anachira chifukwa bambo ake anapezeka n'kumugwira. Ine sinditsutsana ndi akuluakulu, ndine mwana, ndipo zambiri sindizidziwa. Ndingonena zimene maso anga anaona. Mwana wanga anaberekedwa kumsana ndi munthu amene ndinauzidwa kuti akamukhudza afa, ndipo sanafe. Anagwira supuni bambo ake asanapezeke. Ine ndinkapempha Mulungu kuti andibwezere mwamuna, Iye anaona kuti chimene chikufa ndi mwana, ndipo anatuma amene anamufuna Iye, osandifunsa ine ngati ndi woyenera.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandimva pansi pa mtengo uja, pamene ndinalibenso mawu abwino opempherera. Ndikuthokoza atsibweni amene anandilola kupita, ndi anamwino amene sanatope ndi kasupuni kawo.

Inu amayi anzanga amene amuna anu ali ku Limbe, ku Halale kapena ku Joni, ndikudziwa mmene mumathamangira kumsewu lole ikalira. Musataye mtima, Mulungu sanapite nawo kutauni, ali nafe konkuno m'madimba. Koma mukaona tsitsi la mwana likufiira ndi mapazi akutupa, pempherani muli panjira. Musakhale pakhomo kudikira munthu amene simukudziwa ngati abwera. Ine ndikanadikira lole ina imodzi, bwenzi lero mukunditcha make Elube pa dzina lokha.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukamapempherera odwala ndi a paulendo, mutchuleko a Felesiya a ku Limbe, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi msika. Sindidziwa ngati amalowa m'tchalitchi, ndipo mwina akanabwera kuno ena a ife tikanasuntha mkeka. Koma mwana wawo anagona ku Chiradzulu popanda womuuza mayi ake chochita, ndipo wanga akuyenda chifukwa iwo sanakhale chete. Ambuye amene anawaona asawaiwale. Amen.